Zitsulo Ziwiri Pansi pa Chipinda cha a Nabanda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine mmisiri womanga nyumba, kwathu n'kumapiri a Ntchisi kufupi ndi Malomo. Umboni wanga ndi wa nyumba imene ndinamanga ndi manja angawa, n'kutsala pang'ono kutigwera tisanagonemo n'komwe.

Akazi anga, a Nabanda, anadwala matenda ofa ziwalo mbali yakumanja. Atatuluka m'chipatala sankathanso kuyenda, ndipo nyumba yathu yakale inali kumunsi kwa chitunda. Kuti akafike kumsewu tinkachita kuwabereka. Sankadandaula, koma ndinkaona mmene ankabisira nkhope tikamadutsa pa anthu.

Ndinaganiza zomanga ina pamtunda, yoti khomo lake lilingane ndi msewu, njinga yawo ya olumala izingolowa. Malowo ndi otsetsereka, choncho ndinayamba ndi chipinda chapansi chosungiramo chimanga ndi mtedza, pamwamba pake n'kuthira silabu ya konkire yoti tizipondapo m'chipinda chogona. Apa m'pamene ndinalakwa. Chipinda chapansicho chinali chachikulu, ndipo tizitsulo timene ndinaluka m'konkiremo tinali tochepa. Mumtima ndinkadziwa, koma ndinkathamangira kuti mvula isatipeze kumunsi kuja.

Tsiku limene ndinachotsa mitengo ya bulugamu yochirikiza silabu, ndinamva kuthetheka pamwamba pa mutu wanga. Mng'alu unali utadutsa pakati, ndipo konkire inali itatsikira pansi. Ndinabwezeretsa mitengo ija. Amisiri anzanga atabwera kudzaona anangopukusa mitu, amvekere, "Gumulani akulu, izi zipha munthu."

Sabata yathunthu sindinawauze a Nabanda. Ndinkadzuka m'mawa, kupita pamtunda, n'kukangokhala pa njerwa. Zaka zonsezi ndamangira anthu nyumba zolimba, ya mkazi wanga wodwala ndiyo indikanike? Simenti yoyambiranso ndinalibe, mitambo nayo inali itayamba kuda chakumadzulo. Nditaulula, iwo anagwira dzanja langa ndi dzanja lawo lamanzere, lokhalo logwira ntchito. Mawu awo amatuluka movutikira, koma ndinawamva bwino: "Bambo a Tadala, gwadani pompano." Ndinagwada pambali pa mphasa yawo. Pemphero langa lonse linali lakuti, "Ambuye, ndalephera."

Patapita masiku atatu, pamalopo panafika a Mbewe, owotcherera zitsulo pa Malomo. Nditawaona ndinasowa poyang'ana. Kalekale ankagwira ntchito pansi panga, ndipo ndinawachotsa pamaso pa anthu ndikuwanena kuti ndi aulesi, chonsecho anajomba chifukwa mwana wawo anali m'chipatala. Chichokereni tsikulo sitinkapatsana moni.

Analowa m'chipinda chapansi, nayang'anitsitsa mng'alu uja nthawi yaitali. Kenako anati, "Musagumule. Konkireyi yangosowa pogonera."

Anali ndi zitsulo ziwiri zazitali, zokhuthala kuposa njanji ya sitima, zimene anatsitsa pa shedi yakale ya fodya ku Dzoole. Anazibweretsa pa lole ya mnzawo. Tinamanga zipilala zinayi m'mbali mwa makoma n'kudikira kuti ziume. Loweruka lina amuna a kumpingo kwathu anabwera ndi zingwe, tinakweza zitsulo zija n'kuzigoneka pa zipilala, chopingasa mng'alu. A Mbewe anaika majeke a lole, akumakweza pang'onopang'ono, khutu lili ku konkire, mpaka zitsulo zinasenza kulemera konse. Anaziwotcherera pamalo pake. Tinachotsa mitengo umodziumodzi, ine mtima uli m'malere. Sikunamveke kanthu.

Akulongedza zida zawo, ndinalimba mtima n'kuwafunsa chimene achitira zonsezi kwa munthu ngati ine. Anapukuta manja pa ovololo n'kunena kuti, "Tsiku munandichotsa ntchito lija, mayiwa ananditsatira kumsewu atasenza dengu la ufa. Anati ana asagone ndi njala. Inu simunadziwe."

Abale, ndinalira pamaso pa amuna anzanga. Ndinapepesa kwa a Mbewe pomwepo, iwo n'kungondigwira paphewa. Madzulo ake ndinawafunsa a Nabanda za ufawo. Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, amvekere iwo anaiwala kalekale.

Tinalowa m'nyumbamo mvula yoyamba isanagwe, ndipo tikugonamo mpaka lero. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandilange monga mwa kupupuluma kwanga, koma anandipulumutsa kudzera mwa munthu amene ndinamunyoza. Inu amene chinthu chanu chang'aluka, kaya ndi banja, thanzi kapena ntchito, musafulumire kugumula. Gwadani kaye, ndipo musaleke kuchitira anthu zabwino. Dengu la ufa limene mwini wake analiiwala, Yehova sanaliiwale. Ameni.