Dzanja Linali Lofunda Kuposa Nkhuku

Ine, mphunzitsi wa masamu wopuma pa ntchito, wa zaka 73, wamasiye, wokhala m'nyumba yomaliza mumsewu wa kuseri kwa chigayo, ndikupereka umboni pa mlandu wa a kalipentala oyandikana nafe, amene ali m'chitokosi chifukwa cha dandaulo la mwana wanga.

Mwana wangayo ali ndi zaka 41. Chichotsedwereni ntchito amaweta njoka m'chipinda chakumbuyo, ndipo amapita nazo m'masukulu kukaonetsa ana. Chilolezo ali nacho. Njokazo zinali zitatu: ziwiri zazing'ono zopanda ululu, ndi nsato yaikazi ya mamita atatu ndi theka imene ankaitcha Dona. Polankhula ndi ine ankati "mpongozi wanu." Kudyetsa kunali kwake, kuwerengera kunali kwanga. Kadyedwe ka nsatoyo kanali motere:

9 Meyi: nkhuku 1, inadya.
30 Meyi: nkhuku 1, inakana.
20 Juni: nkhuku 1, inakana.
11 Julayi: makoswe 2, inakana.
Kulemera: makilo 24 mu Meyi, makilo 21 mu Julayi.

Nsato imatsata kutentha kwa thupi. N'chifukwa chake nkhuku yakufa, yochokera mufiriji, ankaiviika m'madzi otentha kuti ifunde ngati yamoyo, kenako n'kuipereka ndi chopanira chachitsulo chotalika ngati mkono. Anandiphunzitsanso kuti nsato ikagwira munthu osaikoka, osaimenya, koma kuimasula kuyambira kumchira.

Pa 25 Julayi, cha m'ma 9 koloko m'mawa, anatsegula khola la nsatoyo. Ine ndinaima pakhomo, mamita awiri kuchokera pamene iye anali. Anagwedeza nkhuku ndi chopanira kwa mphindi khumi. Nsato sinasunthe.

Iye anati, "Amayi, mpongozi wanu wandinyanyalira. Chitsulochi ndiye chikumunyansa."

Anaika chopanira pansi. Ine ndinati, "Iwe, lamulo losadyetsa ndi dzanja unaika wekha."

Anayankha kuti, "Lero lokha."

Anasamba m'manja mundowa ya madzi otentha ija kuti achotse fungo la thupi lake, n'kunyamula nkhuku ndi dzanja lamanja. Nkhukuyo inali itazizira kale pomwe dzanjalo linali lofunda. Nsato inasiya nkhuku n'kugwira dzanja.

Inadzikulunga katatu: pamkono, paphewa ndi pakhosi. Mwana wanga anagwa chagada pakati pa khola ndi firiji. Ndinagwira mchira ndi manja awiri. Zala zanga zili ndi nyamakazi. Ndinamasula mkombero umodzi, unandipulumuka n'kubwerera pomwepo. Ndinakuwa.

A kalipentala amagwira ntchito pansi pa shedi, mamita 15 kuchokera pazenera la chipindacho. Analumpha mpanda atanyamula chikwanje. Ndinawauza kuti, "Kumchira, bambo, yambani kumchira!"

Iwo anati, "Mayi, mchira wake uti? Munthu akufa uyu!"

Pa nthawiyo mwana wanga anali atasiya kupalasa miyendo, ndipo milomo inali itada. A kalipentala anatema kanayi. Ndinawerenga. Kutema koyamba ndi kwachiwiri kunagwa pamsana pa nsato. Kwachitatu kunapyola nsatoyo n'kulowa mumkono wa mwana wanga, m'munsi mwa chigongono. Kwachinayi kunadula mutu wa nsatoyo. Anavula malaya awo n'kumanga mkonowo, anamubereka kumsana mpaka kumsewu waukulu, n'kuimitsa galimoto. Madzulo anabwera ndi khasu kudzakwirira nsatoyo kuseri kwa bafa. Anakolopanso chipindacho okha.

Adokotala anandiuza kuti mitsempha inaduka, ndipo zala zitatu sizidzagwiranso ntchito. Mwana wanga atatsitsimuka, mawu ake oyamba anali akuti, "Dona mwamusiya ndi ndani?" Ndinamuuza. Anatembenukira kukhoma. Chakudya chimene ndinkapita nacho ankachipereka kwa wodwala wa pabedi loyandikana nalo.

Anatuluka m'chipatala pa 2 Ogasiti. Tsiku lotsatira anabwera kuno kupolisi kudzadandaula kuti a kalipentala anamuvulaza mwadala ndi kumuphera chiweto, popeza akuti ankadana ndi njoka. Atabwerera kunyumba anandiuza kuti, "Mukakawaikira kumbuyo, mukakhale mayi wawo. Ine mundiiwale."

Dzulo m'mawa akazi a a kalipentala anabwera pakhomo panga ndi ana atatu, wina ali kumsana. Ndinawapatsa mpando, anakana. Ananena mawu atatu okha: "Agogo, inu munaona."

Ndinaonadi. A kalipentala sanalunjike mwana wanga. Awiriwa anali asanakanganepo. Khola la nsatoyo anakhoma ndi iwo omwe, ngakhale kuti poliyeza ankaima panja n'kumaseka kuti mkazi wotere malowolo ake ndi nkhuku zingati. Mwandifunsa ngati kumasula kuyambira kumchira kukanatheka. Sindikudziwa. Pamafunika anthu awiri amphamvu osaopa njoka. M'chipindamo munali nkhalamba imodzi ndi munthu mmodzi amene anali asanagwirepo njoka chibadwire.

Dzulo masana ndinamuuza mwana wanga kuti ndikubwera kuno, ndiponso zimene ndidzanene. Analongedza zovala m'chikwama ndi dzanja lamanzere. Zipi inamuvuta. Nditafuna kumuthandiza anakoka chikwamacho, n'kutuluka nacho chili chotsegula. Mankhwala ake a bala anawasiya patebulo. Ndamuimbira kasanu ndi kawiri, foni ndi yozima. Kwa mlongo wake sanafike.

Zotsala m'nyumba lero: njoka 2, makoswe mufiriji 6, munthu 1. Njokazo zimadya Lachisanu. Ndayesa chopanira m'mawa uno, zala zanga sizikutha kuchitseka. Ndikupempha kuti a kalipentala atulutsidwe. Ndikupemphanso kuti mukamuona mwana wanga mumuuze kuti bandeji amayenera kusintha mawa.

Ndi zomwe ndikudziwa, ndipo sindinawonjezerepo kanthu. Andiwerengera, ndakonza manambala awiri amene analembedwa molakwika, ndavomereza.

Siginecha ya mboni: ______________________
(mayi wa wodandaula)