Yambani ndi Nkhokwe

Basi ya ku Lusaka inachedwanso pa Petauke. A Joaquim, mlimi wa ku Nyimba, atatopa kudikila anafunsa mphunzitsi wina zimene anali kuwelenga.

"Nzelu zopambanila masewela a pa kompyuta, bambo. Nkhondo za mafumu akale, za akavalo ndi malinga."

"Mupambana bwanji?"

"Osalimbana ndi asilikali. Yambani mwatentha nkhokwe, muthamangitse alimi. Linga lidzagonja lokha ndi njala."

"Zoona zimenezo," anatelo a Joaquim. "Kwathu ku Mozambiki nakonso, nthawi ya nkhondo, asilikali anayamba ndi nkhokwe. Nanga alimi othamangitsidwawo amapita kuti m'kompyutamo?"

"Amangosowa basi, bambo. Sitiwaonanso."

"Oo, amangosowa. Ife tinayenda masiku asanu ndi anayi, n'kufika kuno."