Wothyola Nthiti wa Kumsika

Pa siteji ya basi ku Daegu, Mayi Pyo anali atafungatira kapoto ka msuzi, ulendo wa kuchipatala. Bambo wina wachikulire amene anakhala nawo pabenchi anafunsa kuti akudwala ndani.

"Amuna anga. Anagwa dzana kumsika, mtima unangoima. Ndiye kamtsikana kena kosadziwika kanawagwadira n'kuyamba kuwadinikiza pachifuwa ngati kakukanda ufa. Mpaka nthiti kuthyoka!"

"Kuthyola munthu wodwala? Apolisi anakagwira?"

"Kukagwira? Adokotala akuti ndikakathokoze."

"Pothyola nthiti?"

"Inenso ndinafunsa zomwezo. Akuti ambulansi inatsekeredwa mumsewu, ndipo anthu akanangoidikira, ubongo ukanafa isanafike."

"Dikirani kaye, mayi. Mwati unaima ndi mtima kapena ubongo?"

"Mtima, bambo. Koma akuti mtima ukaima, ubongo sudikira munthu. Ine mutu wanga wazungulira. Kaya ndikasumire, kaya ndikaphikire."

"Nanga panopa ali bwanji?"

"Kudandaula kokhakokha. Akuti akamaseka chifuwa chikuwawa."

"Akuseka? Munthu woti mtima unaima dzana?"

Mayi Pyo anayang'ana kapoto kawo ka msuzi.

"Eya," anatero chapansipansi. "Akuseka."