Ndinakana Kufunsa Muyeso wa Yisiti

Zikomo aulutsi. Ndiloleni ndiulule zomwe zikundidya mumtima, koma dzina langa musalitchule.

Ndimagwira ntchito ku Capital Hill. Mng'ono wanga, yemwe sukulu analekezera panjira, amagulitsa mabanzi mumsika wa Lilongwe. Bambo athu asanamwalire anatipatsa aliyense mwana wa ng'ombe ya mkaka, ndipo tinkaweta m'khola limodzi kunja kwa tauni.

Patangotha miyezi iwiri, wake ananenepa, ubweya kuchita kunyezimira. Wanga ankangotsekula m'mimba, nthiti zili pamtunda. Achibale akabwera ankayamikira iye yekha. Zinkandiwawa kwambiri, moti ndinayamba kunong'oneza anthu kuti mng'ono wangayo ngokhwima.

Tsiku lina ndinamupeza akuwaza yisiti m'madeya.

"Achimwene, alangizi a ziweto akuti yisitiyu amathandiza m'mimba mwa ana a ng'ombe. Bwerani ndikuonetseni muyeso wake," anatero.

"Iwe undiphunzitse ine?" ndinamuyankha, n'kuchokapo.

Mawa lake ndinakagula yisiti wophikira buledi kwa amwenye ku Old Town. Ndinakhuthulira paketi yonse m'madeya onyowa kuti wanga apose wake msanga. Pofika masana, mimba yake inali itatupa ngati ng'oma. Anafera m'manja mwa mng'ono wangayo, akuyesetsa kumupulumutsa.

Sanandidzudzule ngakhale pang'ono. Anangoti, "Musadandaule achimwene. Wangayu akadzabereka, mwana woyamba ndi wanu."

Anzanga omvera, kufunsa wamng'ono si manyazi. Ndipo iwe mng'ono wanga, ndikudziwa kuti wailesi yako sizima pabenchi pako. Amene anafalitsa zoti ndiwe wokhwima uja ndine. Undikhululukire.