Amene Anandiphunzitsa Kompyuta Ndi Munthu Wosaona

Moni abale ndi alongo anga nonse amene mukuwerenga, mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Lero ndati ndikuuzeni mmene ntchito yanga inatsalira pang'ono kundipulumuka, ndili ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, ana awiri a malemu mchemwali wanga akuyang'ana kwa ine.

Ndine mlembi pa ofesi ya bungwe lina lothandiza alimi kuno ku Chikwawa. Ntchitoyi ndinaiyamba nthawi ya makina otaipira aja ankamveka mpaka kumsewu. Kusukulu anatiphunzitsa kutaipa osayang'ana zilembo, ndipo kunena mosadzitama, zala zangazi zinkathamanga. Kompyuta yoyamba itafika sindinaiope, poti zilembo zake zinali pamalo omwe aja.

Mavuto anayamba pamene anayamba kutisinthira mapulogalamu. Chaka chimodzi chokha anatisinthira katatu. Ukati iyi ndaizolowera, Lolemba ukupeza zonse zasamuka. Yomaliza inali yolowetsera mafomu a alimi, yodzaza ndi timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse kofuna kulozedwa ndi mausi. Ine maso anatopa kale, magalasi amangothandiza pang'ono. Dzanja lichoke pa zilembo, likagwire mausi, ndisakesake kamuvi kaja pagalasi, ndikakapeza ndadina bokosi lolakwika. Choipitsitsa, pulogalamuyo inkawerenga yokha mafomu amene aliyense walowetsa, n'kumaonetsa kwa mabwana ku Blantyre. Lachisanu lililonse dzina langa linkakhala lomaliza.

Tsiku lina bwana wathu, Mayi Chapo, anandiitana n'kutseka chitseko. Ndi mayi wabwino, ndipo ndinaona kuti mawu akuwalemera. Anati, "Amayi, ine ndimakulemekezani. Koma kumtunda akufunsa. Mwezi wamawa ukatha zinthu zisanasinthe, andiuza kuti ndikupumitseni."

Abale, ndinachita manyazi kuposa mantha. Munthu amene ndinkataipira ofesi yonse, lero ndasanduka katundu. Masana anzanga akamadya, ine ndinkazemba kukakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa ofesi, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo, n'kumalira. Anzangawo sanali oipa ayi. Ankabwera kudzandithandiza, koma ankangolanda mausi, dinu dinu, "mwaonatu amayi, n'zosavuta," n'kumapita. Ine osaona kanthu. Ndinasiya kufunsa. Kunyumba sindinauze munthu, ndipo mapemphero anga anasanduka madandaulo okhaokha. Ndinkati, Ambuye, ngati nthawi yanga yatha, nanga ana awa ndiwatani?

Pafupi ndi nyumba yanga pamakhala bambo wina wachikulire wosaona, a Zuze, kwawo ku Marka, oyankhula mosakaniza ndi Chisena. Akazi awo atamwalira, ndinadzipereka kumawaperekeza kutchalitchi Lamulungu lililonse, iwo atagwira chigongono changa. Zaka zisanu ndi chimodzi tikuyenda choncho. Ndinkangodziwa kuti kale anali mphunzitsi, koma sindinawafunsepo kuti ankaphunzitsa chiyani. Ndivomere, mumtima mwanga ndinkati wothandiza ndine, iwo ndi wothandizidwa, basi.

Lamulungu lina m'masiku ovutawo, tili m'njira anaima. "Mai, lero mapazi anu akulemera. Chavuta ninji?"

Ndinafuna kukana, koma misozi inanditsogolera. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za kamuvi kondithawa kaja, ngakhale ndinkaona kuti ndikungotaya mawu kwa munthu amene sangazimvetse. Nditamaliza, iwo anaseka. Ndinakhumudwa ndithu.

"Pepani mai, sindikuseka imwe," anatero. "Ine kompyuta ndaigwiritsa zaka zambiri. Mausi nkhabe, sindinaigwirepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikanaloza chiyani, ine?"

Titaweruka anandilowetsa m'nyumba mwawo. Anatulutsa m'sutikesi laputopu yakale yokulungidwa m'chitenje, ndipo ataiyatsa inayamba kuyankhula, kuwawerengera chilichonse chimene zala zawo zakhudza. Apo m'pamene ndinamva kuti ankaphunzitsa pa sukulu ya ana osaona, ndipo zaka zawo zomaliza ankaphunzitsa kompyuta. Anandiuza kuti pafupifupi chilichonse chimene anthu amachita ndi mausi chili ndi njira yake pa mabatani. Pali batani lodumphira ku bokosi lotsatira, pali lobwerera m'mbuyo, pali osankhira mudzi pamndandanda, pali osungira fomu. Zaka zonsezi mabatani amenewa anali pansi pa zala zanga, ine osawadziwa ntchito yake.

Mayi Chapo anandilola kumatenga laputopu ya ku ofesi Loweruka. Tinkakhala pakhonde pa a Zuze dzuwa likapendeka, ine n'kumawafotokozera zimene zili pagalasi, iwo n'kumagwira zala zanga kuziika pamalo pake. Sankafulumira, ndipo sanandilandepo chilichonse m'manja. Ndikalakwitsa ankangoti, "Bwerezani mai, zala zimamva mochedwa koma siziiwala." Dzanja langa likayamba kufufuza mausi ankalimva, n'kulibweza mwakachetechete.

Musaganize kuti zinasintha tsiku limodzi. Sabata yoyamba ndinachedwa kuposa kale, moti ndinafika kwa iwo nditataya mtima, ndikuti tingosiya. Anandiyankha kuti kusiya tisiye mwezi ukatha, osati lero. Panalinso bokosi limodzi louma mutu limene mpaka pano limafuna mausi, ndipo a Zuze anawanyoza kwambiri amene analipanga. Koma sabata yachitatu, ndili mu ofesi, ndinangozindikira kuti maso anga ali papepala la mlimi, zala zikuyenda zokha. Mulu wa mafomu unkatsika ndikuuona. Mnzanga wa tebulo loyandikana anatembenuka n'kufunsa kuti kodi amayi mwadya chiyani.

Lachisanu lomaliza la mweziwo, Mayi Chapo anandiitananso. Dzina langa silinali loyamba, linali lachitatu. Anandikumbatira, n'kunena kuti nkhani yondipumitsa yatha.

Ndinakwera kabaza molunjika kwa a Zuze. Nditawauza, misozi inayamba kutsika m'maso aja. Ine ndinkayesa kuti akulirira chimwemwe changa. Koma anati, "Takhuta, mai, zikomo kwambiri. Chipumireni pa ntchito, palibe anabwerapo kudzandifunsa kanthu. Anthu amandipatsa moni, amandipatsa chakudya, amandigwira dzanja. Ndakhala ndikupempha Mulungu kuti ndisanafe, andigwiritseko ntchito kamodzi kokha."

Ine ndinkalira kuseri kwa ofesi kuti ndatha ntchito, iwo ankalira pakhonde pawo za chimodzimodzi, nyumba zathu zoyang'anana, ndipo Mulungu anatiyankha tonse ndi yankho limodzi.

Ndikuthokoza Ambuye amene sanandisiye kuti ndichite manyazi. Ndikuthokoza Mayi Chapo chifukwa cha mwezi umene anandipirira, ndi a Zuze, mphunzitsi wanga. Pulogalamu adzaisinthanso, zimenezo ndikudziwa, koma mtima sukugundanso ngati kale.

Inu amene zinthu za ku ntchito zikukuthamangirani, mwayamba kudziona ngati wotsalira, musataye mtima ndipo musabise ngati mmene ndinabisira ine. Pempherani, ndipo lankhulani. Mwina amene Mulungu wakukonzerani ndi munthu amene inu mumamumvera chisoni, ndipo naye akudikira kuti wina amufunse. Ambuye akulimbitseni nonse. Ameni.