Ndi Wanu Kapena Wanga?

Okondedwa omvera, m'zaka za m'ma 1980 ndinkagwira ntchito m'fakitale ina kunja kwa dziko lino, ku Barking, yopanga zitsulo za injini za ndege zankhondo. Pambali panga pankagwira ntchito mayi wina wa ku Zambia. Tonse awiri ana athu anali kunkhondo, kuzilumba zakutali.

Tsiku lina bwana analowa ndi msilikali, n'kulunjika kwa ife. Makina ndinangowasiya akuyenda.

Mnzangayo anandigwira mkono, nanong'ona kuti, "Amai, ni wanu olo ni wanga?"

Msilikaliyo anatchula dzina la mnzangayo. Mwana wake anali atavulala kwambiri, koma anali moyo. Tinangokhala pansi, tikulira.

Wanga anabwerako nkhondo itatha. Koma kufikira tsiku limene anabwerakolo, mlendo akangolowa m'fakitalemo, azimayi onse ankatembenukira kwa ine.