Mayi Alinesi Zikhale, Mphunzitsi Amene Anakana Kubwezedwa Kuchokera ku Kambodiya

Malemu Mayi Alinesi Zikhale anabadwa pa 14 Malichi 1971, kwa Kalumbu, m'boma lino la Lilongwe. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, Reinford, ndipo ndinapondana nawo. Pokonza mbiriyi, ena anatilangiza kuti zaka zimene malemu anakhala kunja tingozidumpha, poti zinayankhulitsa anthu zambiri. Akubanja takana. Tiwerenga zonse.

M'chaka cha 1978 tinasamukira mutauni muno, bambo athu atapeza ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ku Area 10. Tinkagona m'kanyumba ka antchito kuseri kwa mpanda. Malemu anayambira sukulu kumeneko, nakhoza mayeso a Fomu 4 mu 1990, kenako anachita maphunziro a uphunzitsi. Kuyambira 1993 anaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Area 2. Ena mwa inu munadutsa m'manja mwawo, ndipo mukukumbukira kuti sankalola mwana kuyankha atawerama.

Pa 8 Ogasiti 1996 anamanga banja mu mpingo ndi Bambo Nebert Jobu, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Triza ndi Clifton. Bambo Jobu anatisiya pa ngozi ya galimoto mu 2007. Malemu analera anawo okha mpaka anakula.

Mu 2015 mpingo unalengeza kuti bungwe lina likufuna aphunzitsi odzipereka, okaphunzitsa Chingerezi popanda malipiro ku dziko la Kambodiya, ku Asia. Malemu analembetsa ali ndi zaka 44. Mphekesera zinayambira pomwepo. Ena ankati namfedwa wathawa ana. Ena ankati akunama, wapita kukachapa zovala za anthu olemera. Enanso anayankhula zonyansa zimene sindingazibwereze pamaso pa abusa. Ena mwa amene ankayankhulawo muli pompano, ndipo takulandirani. Tamvani tsono zimene anakachita.

Anafika kumeneko mu Seputembala 2015, natumizidwa ku sukulu ya kumudzi, pakati pa minda ya mpunga. Mphunzitsi wamkulu amene anabwera kudzawalandira pa siteji ya basi anawadutsa kangapo, chifukwa ankafunafuna mzungu. Makolo atamva kuti mphunzitsi ndi wa ku Africa, ambiri anachotsa ana awo m'kalasi, ati munthu wakuda angachidziwe bwanji Chingerezi. Bungwe lija linawapatsa malemu mwayi woti asamukire ku ofesi mumzinda, kapena abwerere kumudzi kuno mwakachetechete. Anayankha kuti anabwera kudzagwira choko, osati kudzakhala pa mpando wa mu ofesi, ndipo bola m'kalasi mwatsala mwana ngakhale mmodzi, iwo sachoka.

Munatsala ana ochepa, ambiri a iwo atsikana a m'mabanja osauka. Anayamba nawo omwewo.

Moyo wa kumeneko sunali wa zithunzi zokongola. Ankagona m'nyumba ya matabwa yomangidwa m'mwamba pa mizati, pansi pake pakugona nkhuku ndi ng'ombe. Chakudya chinali mpunga m'mawa, mpunga masana, mpunga madzulo. Ankapalasa njinga kupita ku sukulu, ndipo m'nyengo ya mvula madzi akasefukira ankainyamula paphewa, nsapato zili m'manja. Pamsika anthu ankawagwira tsitsi osapempha, ana n'kumawapukuta pa mkono kuti aone ngati khungu lingasuluke. Malemu sanasiye kuvala chitenje ndi duku popita kukalasi. Anaphunzira chiyankhulo cha kumeneko kwa amayi ogulitsa nsomba, akumawaseka akalakwitsa, iwonso n'kumaseka nawo. Loweruka masana ankawaphunzitsa amayi omwewo Chingerezi cha pa malonda.

Mu 2016 anadwala malungo oopsa a kumeneko ofalitsidwa ndi udzudzu, mpaka anagonekedwa m'chipatala. Ine ndinawaimbira foni kuwachonderera kuti abwere kumudzi. Anandifunsa ngati ku Lilongwe udzudzu unatha. Atachira anabwerera m'kalasi.

M'chaka chotsatira atsikana awiri a m'kalasi mwawo anapambana mpikisano woyankhula Chingerezi m'chigawo chonse. Makolo aja anayamba kubweza ana awo mmodzimmodzi. Malemu sanam'bweze mwana aliyense, koma kholo lililonse ankaliuza kuti lilowe nawo m'kalasi, likhale pa benchi, limve lokha phunziro lonse mpaka belu litalira. Pochoka kumeneko mu Disembala 2019, m'kalasi munali mutadzaza moti ana ena ankaphunzira ataimirira pawindo. Triza atayankhula nawo anawo pa foni, anaseka mpaka misozi, poti Chingerezi chawo chimamveka ngati cha mwana wa ku Kawale.

Atabwerera kuno anatsegula kalasi ya masana ku Area 9, yophunzitsa Chingerezi alonda, osamalira maluwa ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba. Mabwana ena sankafuna kumasula antchito awo. Malemu ankapita okha kukagogoda pa geti.

Mu Julayi 2023 anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero. Mphekesera zinadzukanso, ati matenda anawatenga kunja. Malemu anatilamula kuti pa maliro awo tisadzanene zoti anadwala nthawi yaitali basi, koma tidzatchule matendawo ndi dzina lake, ndipo tidzawauze amayi onse kuti apite akayezetse. Amayi, mwamva. Anaphunzitsa atakhala pa mpando mpaka Epulo chaka chino, ndipo anatsikira kulichete Lachiwiri lapitali, pa 10 Juni 2025, ali ndi zaka 54.

Asiya ana awiri, Triza ndi Clifton, zidzukulu zitatu, alongo awo atatu, mng'ono wawo mmodzi, ndi mayi athu okalamba, a Naphiri, amene lero aika mwana m'manda.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, amayi a mvano amene ankasinthana pa chipatala, abusa ndi akwaya, adzukulu okumba manda, komanso alonda a ku Area 9 amene atuluka ku ntchito m'mawa uno osagona n'kudzanyamula bokosi. Tikuthokozanso ophunzira awo a ku Kambodiya, amene akutsatira mwambo uno pa foni imene wanyamula Clifton apoyo.

Achemwali, ife abale anu sitikuchita manyazi ndi tsiku ngakhale limodzi la moyo wanu. Ntchito mwaigwira, taiona ndi maso. Mzimu wanu uuse mumtendere.